Njokandala Yalakwanji?

Pabwalo la mfumu iliyonse m'dziko muno, ngakhale mbala yogwidwa ndi mbuzi paphewa imapatsidwa mpata woti iyankhulepo mlandu usadagamulidwe. Makolo athu adakhazikitsa mwambo umenewu podziwa kuti mkwiyo ulibe maso. Koma pali wozengedwa mmodzi amene sitimulola n'komwe kufika pabwalo. Akangooneka, wina amakuwa kuti, "Njoka!" ndipo nthawi yomweyo makasu, zibonga ndi miyala zimakhala zagamula kale. Funso loti idali njoka yanji limafunsidwa mutu utaphwanyika, mwinanso silifunsidwa konse. Ndalemba chimangirizo chino kuti ndiyankhulire mmodzi mwa ophedwa moterewa, njoka imene anthu ambiri a ku Matope, m'boma la Neno, amaiona mwa kamodzikamodzi, ndipo kuonanako kumathera pa imfa yake. Mayina a njoka amasiyana malinga ndi dera, koma pano ndiitchula dzina lakuti njokandala. Mfundo yanga ndi imodzi: munthu wopha njokandala amakhala akutsegulira mphiri chipata cha pakhomo pake.

Tiyambe taidziwa, popeza ambiri mwa amene amaipha sangathe kuifotokoza. Njoka zambiri n'zobulungira ngati chingwe, koma thupi la njokandala lili ndi ngodya zitatu: pamimba m'pophwatalala, ndipo mbali ziwiri zimakwera n'kukakumana pamsana monga limachitira denga la nyumba. Pamwamba penipeni pa msanawo pamadutsa mzere woyera, kuchokera kukhosi mpaka kumchira, ngati kuti wina wajambulapo ndi choko. Thupi lake ndi lotuwa moderako, nthawi zina lofiirira, ndipo mamba a pakhungu pake ndi otalikirana kotero kuti pakati pawo pamaoneka khungu lofiira motumbuluka. Mambawo ali ndi timisana tokwera, n'chifukwa chake njokayi ndi yokhakhala ngati tupa ya mmisiri wosula. Dzina lake la Chingerezi lidachokeranso ku tupa komweko. Mutu wake ndi wophwatalala, wotambalala kuposa khosi, ndipo maso ndi aang'ono, akuda. Ikakula imapitirira mita imodzi, zina zimafika mita imodzi ndi theka. M'Malawi muno mulibe njoka ya ululu imene ili ndi ngodya zitatu pamodzi ndi mzere woyera woterewu. Mwana wa Sitandade 5 akhoza kuphunzira zizindikiro zimenezi tsiku limodzi.

Kunena zoona, njokandala si yokongola, ndipo maonekedwe akewo ndiwo amaiphetsa. Koma akulu adati ukaipa nkhope dziwa nyimbo, ndipo nyimbo ya njokayi tiimva posachedwapa. Choyamba n'chakuti ilibe ululu ngakhale pang'ono. Akatswiri ogwira njoka amachitira umboni kuti ngakhale itanyamulidwa m'manja, kawirikawiri siyesa n'komwe kuluma. Chida chake chokha ndi madzi onunkha koopsa amene imatulutsa cha kumchira ikaopsezedwa, kuti mdani anyansidwe n'kuitaya. Liwiro ilibe. Imayenda mwapang'onopang'ono ngati nkhalamba ya ndodo, ndipo n'chifukwa chake ngakhale mnyamata wamantha amasanduka ngwazi pamaso pake. Ikadakhala mbobo, zambiri mwa ngwazi zimenezi tikadangoziona zidendene.

Usana wonse imabisala m'zulu zakale, m'mauna osiyidwa ndi mbewa, m'mphako za mitengo yakugwa, kapena pansi pa milu ya miyala. Imatuluka usiku, makamaka mvula ikangokata, nthaka ili ndi chinyontho. Yaikazi imaikira mazira m'nyengo ya dzinja, kuyambira 5 mpaka 13, pamalo obisika a chinyezi, ndipo tiana timaswa tili totalika pafupifupi masentimita 40. Palibe mayi wotilera. Kalikonse kamadzionera kokha kuyambira tsiku loyamba.

Tsono nyimbo yake ndi iyi: njokandala imadya njoka zinzake. Imadyanso achule ndi abuluzi, koma chakudya chimene idatchuka nacho ndi njoka, kuphatikizapo za ululu woopsa. Imameza mphiri, imamezanso njoka zolavulira m'maso zimene ambiri timazitcha mamba, ndipo zikuoneka kuti ululu umene ungagwetse munthu wamkulu suichita kanthu iyoyo. Imalondola fungo ndi lilime lake, n'kulowa mpaka kuuna kumene inzakeyo yabisala, kumene khasu lathu silingafike, ndipo ikaigwira imaimeza yamphumphu. Taganizani tsono za mphiri. Iyo imabereka ana amoyo, kawirikawiri pakati pa 20 ndi 40 nthawi imodzi, ndipo kamwana kalikonse kamabadwa ndi ululu wake. Tiana timeneti ndi ndiwo yabwino kwa njokandala. Sindikunena kuti njokandala imodzi ingathetse mphiri zonse za m'dera la Mfumu Yaikulu Symon; nayonso siisankha, imameza ndi njoka zosalakwa zomwe. Koma mlimi amene ali ndi njokandala pachulu cha m'munda mwake ali ndi mlonda woyendera malo usiku, wosapempha malipiro, wosaledzera, wosaba chimanga. Mlonda ameneyo ife timamulipira ndi chibonga.

Amene adafikako ku Matope akudziwa mmene dzikolo lilili. Ndi chigwa chotentha cha m'mbali mwa Shire, pamene mtsinjewo umasiya kuyenda mofatsa n'kuyamba kutsika ndi mathithi olowera ku Nkula, ku Tedzani mpaka ku Kapichira. Ndi dziko la milambe, mitengo ya tsanya, miyala ndi zulu, ndipo njoka zimakonda malo otere. Mphiri imagona duu panjira ya kumunda kapena ya kumadzi, yosathawa, podalira mawanga ake amene amafanana ndi masamba ouma. Munthu amaizindikira ataiponda kale. Mamba yolavula ija imalowa ndi m'nyumba momwe potsatira makoswe, achule ndi anapiye, ndipo imadziwika ndi khalidwe loipa loluma anthu ali m'tulo pamphasa. Ululu wa njoka ziwirizi umaoletsa mnofu. Amene wapulumuka imfa nthawi zina amatsala ndi chilonda cha miyezi yambiri, mwinanso kutaya chala kapena mwendo, ndipo mlimi wa mwendo umodzi ndiye kuti banja lonse lalumidwa. Adani athu enieni ndi amenewa, ndipo onse awiri ndi chakudya cha njokandala.

Nanga n'chifukwa chiyani timaipha? Yankho loyamba limene mungamve ndi lakuti kukumana nayo ndi malodza: akuti ikadutsa pabwalo ndiye kuti pamudzi pagwa zovuta. Chikhulupiriro chimenechi sindichiseka, chifukwa ndikuona kumene chidachokera. Chinthu chosaonekaoneka chikatulukira, mtima wa munthu umafuna tanthauzo lake. Koma tiyeni tiwerenge miyezi. Njokandala imaoneka kwambiri m'nyengo ya mvula, pamene madzi adzaza mauna ndipo achule ndi njoka zina zili piringupiringu. Nyengo yomweyo ndiyo ya udzudzu ndi malungo, ya matenda otsegula m'mimba, ndiponso ya njala ya mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zili mbee. M'miyezi imeneyo, ndi mudzi uti umene ungathe masabata angapo osamva uthenga wa matenda kapena wa maliro, kaya kwa achibale a pafupi kaya a kutali? Munthu akaona njokandala Lolemba, namva za maliro Loweruka, amakumbukira njoka ija. Akaiona koma osamva kanthu, amaiwala. Maliro onse amene adagwa njoka isadaoneke, palibe amene amawawerengera. Malodza amanenepa ndi kuwerenga kwa mbali imodzi kotereku. Ndipo ngakhale titavomera kuti njokayi ndi mthenga, kodi ndi liti pamene kupha mthenga kudabweza maliro? Mwambo wathu womwe umati mthenga saphedwa.

Ena amati, "Tidazipeza choncho, ndi mwambo wa makolo." Apa ndiye ndikukana kwamtuwagalu. Makolo athu sadali opha njoka mwachisawawa. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, anthu a Mbona ankalemekeza nsato pokhulupirira kuti mzimu wobweretsa mvula umabwera m'maonekedwe ake. Ku kachisi wa Makewana ku Msinja kudalinso njoka ya mizimu yotchedwa Thunga. Kaya munthu avomereze zikhulupiriro zimenezo kaya asavomereze, chinthu chimodzi n'choonekeratu: mantha a makolo adali ndi malamulo, ndipo lina mwa malamulowo lidali lakuti njoka zina sizikhudzidwa. Onaninso mayina amene adatisiyira: mphiri, nsato, mbobo, songo, nalikukuti. Anthu sapatsa mayina osiyana zinthu zimene sazisiyanitsa. Amene adatcha dzina nalikukuti adayamba waima n'kuipenyetsetsa ili chiwongokere pachitsamba ngati kanthambi kouma. Ife adzukulu awo mayinawo tikuiwala, tatsala ndi liwu limodzi lokha lakuti "njoka" ndi chibonga chimodzi. Umenewo ndi ulesi chabe, wofunda nsalu ya mwambo.

Palinso amene amabisala kuseri kwa nkhani ya m'munda wa Edene, namati njoka iliyonse ndi yotembereredwa. Abusa ndi ansembe angatithandize pamenepa, chifukwa nkhani ija imakamba za kusamvera kwa munthu, ndipo sindidamvepo mlaliki wodziwa ntchito yake akuisandutsa chilolezo chophera chokwawa chilichonse. Koma oipitsitsa ndi amene amaipha mwadala, akuidziwa bwino lomwe, pofuna kuti khungu ndi mafupa ake zikakhale zizimba. Njoka yofatsa, yosathamanga, yosaluma, ndiyo yosavuta kugwira. Tsono kufatsa kwake komweko n'kumene kumaifikitsa m'thumba la wamalonda. Wogula chizimba chotere ndimufunsa funso limodzi: ngati njokayo idalephera kudziteteza yokha kwa mnyamata wa ndodo, fupa lake louma lidzakutetezani bwanji inuyo?

Chibonga sichili chokha pa ntchito yowonongayi. Aliyense woyenda pa msewu wa ku Zalewa amaona matumba a makala ali ndandanda, ndipo makalawo adali mitengo. Tsanya akagwa, mthunzi umatha, mphako zimatha. Zulu zimagumulidwa kuti dothi lake liumbe njerwa. Chilimwe chilichonse tchire limatenthedwa pofuna mbewa. Njoka yoyenda pang'onopang'ono siingapikisane ndi moto wolusa, ndiponso ikamaoloka msewu usiku galimoto siiphonya. Mamba zimenezi ilibe nazo kanthu kwenikweni: malinga pakhomo pali makoswe, nkhuku ndi milu ya zinyalala, iyo yapeza pokhala. Motero tikusintha dziko lathu mokomera njoka zimene zimatipweteka, kwinaku tikuchotsa imene imazidya, kenaka n'kumadandaula kuti njoka zikutilowera m'nyumba.

Tsopano ndifike pa mtsutso umene ndimaulemekeza. Mayi wina wa ku Matope angandifunse kuti, "Inu bambo, mukuyankhula muli pampando dzuwa likuswa mtengo. Ine ndimakumana ndi njoka usiku, nyali itazima, mwana ali pamphasa. Kodi nthawi imeneyo ndiyambe kuwerenga ngodya ndi kufufuza mzere woyera? Ndikalakwitsa, chipatala chili kutali, ndipo mwanayo ndi wanga." Mawu amenewa ndi olemera, sangayankhidwe ndi nthabwala. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti chaka chilichonse anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amamwalira chifukwa cholumidwa ndi njoka, ndipo ochuluka kuposa pamenepo amatsala olumala. Ambiri mwa iwo ndi alimi osauka a ku Africa ndi ku Asia pamodzi ndi ana awo. M'chaka cha 2017 bungweli lidaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'mayiko otentha, ndipo mu 2019 lidalengeza cholinga chochepetsa imfa ndi kulumala kotereku ndi theka pofika chaka cha 2030. Mankhwala opha ululu ndi okwera mtengo, ndipo sapezekapezeka m'zipatala zazing'ono za kumidzi. Ku Neno komweko, kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2022 adasonyeza kuti ambiri mwa ogwira ntchito za chipatala ankavutika kuzindikira mitundu ya njoka, ndiponso adali asadaphunzitsidwe mokwanira za kasamalidwe ka munthu wolumidwa. Mantha a mayi uja ali ndi maziko.

Ndimuonjezerenso mayiyo mfundo ina yolimbitsa mtsutso wake. Njokandala ili ndi mbale wake wamng'ono, wakuda, wopanda mzere woyera, amene safika masentimita 70. Nayenso ndi wokhakhala, wa ngodya zitatu, wopanda ululu, ndipo amadya makamaka abuluzi. Vuto n'lakuti m'nyengo yomweyo ya mvula, usiku womwewo, kumatulukanso kanjoka kena kakuda ka msinkhu wofanana, kokhala pansi pa nthaka, kamene asayansi amakatcha Atractaspis bibronii. Aka n'kosalala ndi konyezimira, mutu ndi khosi n'zosasiyana, maso ali ngati timadontho, ndipo mchira ndi waufupi, wothera ku kaminga. Kamaoneka kopusa, koma mano ake a ululu ndi aatali, ndipo kamatha kutulutsa dzino limodzi cham'mbali kukamwa kuli kotseka, n'kubaya chobwerera m'mbuyo. Palibe njira yokagwirira ndi manja popanda kulasidwa, ngakhale kukagwira pakhosi monga amachitira odziwa njoka. Ululu wake umapweteka koopsa, umatupitsa, ndipo pali anthu amene adataya nsonga za zala chifukwa cha iko. Choipa china n'chakuti mankhwala amene amathandiza wolumidwa ndi mphiri kapena mamba sagwira ntchito pa ululu wa kanjoka aka. Mwana amene wakatola poyesa kuti n'kanjoka luzi amalira usiku wonse.

Kodi zonsezi zikugwetsa mfundo yanga? Iyayi, zikuilimbitsa. Sindikupempha munthu kuti anyamule njoka, kapena kuiweta, kapena kuikonda. Pempho langa n'lochepa: njoka imene mwaipeza kutchire, kumunda kapena panjira, bwererani m'mbuyo mapazi angapo, muipenye, muisiye ipite. Munthu si chakudya cha njoka. Kawirikawiri imaluma ikapondedwa, ikapanikizidwa kapena ikamenyedwa, ndipo amene wathamangira chibonga wadzifikitsa yekha pamene mano angamupeze. Mamba imatha kulavula ululu mtunda wa mamita awiri kapena kuposerapo, molunjika m'maso. Mbobo ikasowa kothawira imaluma kangapo motsatizana. Anyamata amene amakumba una kuti atulutse njoka imene idali kudzithawira amayesa kuti akuteteza mudzi, pamene akuputa ngozi imene idali itawapatukira kale. Njoka ya ululu ikalowa m'nyumba momwe muli ana, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo sindidzaweruza kholo pa zimene lingachite usiku umenewo. Koma njokandala zimene ndaziona zitaphedwa sizidafere m'nyumba. Zidafera pamsewu, pachulu ndi m'mphepete mwa munda, anthu atazizungulira, wina atathamanga kukaitana anzake kuti adzaonerere. Amene ali ndi nthawi yoitana anthu ali nayonso nthawi yoyang'ana pamsana.

Ngati cholinga chathu chilidi kuteteza ana, zida zake zilipo ndipo n'zosavuta. Woyenda usiku aunike ndi tochi, ngakhale ya pafoni; wopita kumunda avale nsapato zotseka. Neti yotchinga udzudzu ikapisiridwa bwino pansi pa mphasa imatchinganso njoka. Chitseko chisakhale ndi mpata kunsi, nkhuku zigone m'khola mwawo osati m'nyumba ya anthu, udzu utchetchedwe, ndipo nkhuni ziunjikidwe patali ndi khonde. Makoswe akatha pakhomo, njoka imasowa chodzera. Tsoka likagwa, pali zinthu zimene tidazolowera kuchita zomwe zimangoonjezera vuto. Kumanga mwendo zolimba ndi luzi kapena mpira kumaletsa magazi kuyenda ndipo kungaoletse mwendo wonse. Kutema mphini pabala, kuyamwa magazi, ndi kuikapo mwala wakuda sizichotsa ululu. Choyenera n'kumuvula wolumidwayo mphete ndi zibangili chiwalo chisadatupe, kumukhazika mtima pansi, kusagwedeza chiwalocho, ndi kumunyamula msanga kupita naye kuchipatala. Wolavuliridwa m'maso atsukidwe nthawi yomweyo ndi madzi ambiri aukhondo. Nthawi imene amuna amataya posakasaka njoka kuti abwezere ndiyo imene imafunika panjira ya ku Lisungwi kapena ku chipatala chachikulu cha Neno.

Chimene chimandiwawa mtima kwambiri ndi ichi. Njokandala idalembedwa koyamba m'mabuku a sayansi mu 1847 ndi Andrew Smith, dokotala wa asilikali wochokera ku Scotland amene adagwirapo ntchito ku South Africa. Lero dzina lake la sayansi ndi Limaformosa capensis. Mbale wake wamng'ono uja adalembedwa mu 1888 ndi Albert Günther wa ku British Museum mumzinda wa London, kuchokera pa njoka imene idatengedwa kunyanja yathu ino, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero dzina lake, Gracililima nyassae, lasenza dzina lakale la nyanja ya Malawi. M'zaka zimenezo Matope lidali doko lodziwika. Apaulendo ndi katundu wochokera ku Blantyre ankakwerera sitima pamenepo kupita kunyanja, ndipo sitima ya amishoni a UMCA yotchedwa Charles Janson idalumikizidwira pomwepo mu 1885. Alendo ankadutsa m'dziko muno ndi mabotolo ndi timabuku, kutola ndi kulemba zimene ife tinkaziponda. Mu 1961 R. C. H. Sweeney adatulutsa buku lathunthu lonena za njoka za dziko lino, lotchedwa Snakes of Nyasaland. Mu 2018 akatswiri, ataunika DNA ya njoka za banja limeneli, adazigawanso n'kuzipatsa mayina amene ndatchulawa. Papita zaka zoposa 130 chilembedwere kanjoka ka dzina la nyanja yathu, ndipo wophunzira wa ku London angathe kukadziwa bwino kuposa mwana amene amakadumpha popita kusukulu.

Mlandu umenewu sindiuika pa alendowo. Iwo adachita ntchito yawo m'chiyankhulo chawo. Ndikuuika pa ife amene tidapita kusukulu. Timaloweza ziwalo za duwa ndi mayina a mafupa kuti tikhoze mayeso, koma wophunzira wa Fomu 4 amatuluka asakudziwa kusiyanitsa njoka imene ingamuphe ndi imene ingamuteteze. Ndidaonapo pasukulu ina mphunzitsi wa sayansi akutsogolera ana kugenda njoka ya mzere woyera imene idapezeka kuseri kwa chimbudzi. Belu litalira, adalowa nawo m'kalasi kukawalembetsa za mmene zolengedwa zimadalirana pa chakudya, akujambula mivi pabolodi kuchokera ku udzu kupita ku chiwala, kuchokera ku chiwala kupita ku chule. Phunziro lenileni lidali litagona panja, ntchentche zikulizungulira. Safunsa adadya phula, koma ife tafika poti ndi wofunsidwa yemwe sadziwa.

Ntchito yokonza zimenezi siilira ndalama za mayiko akunja. Magulu a zachilengedwe a m'sukulu, amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likuwalimbikitsa, angayambe ndi kope limodzi. Ophunzira apite kwa agogo awo akadali moyo, akafunse mayina a njoka ndi maonekedwe ake, nalemba. Njoka ikaoneka, alembe tsiku, malo ndi nthawi, ndipo amene ali ndi foni aijambule ali patali, osaikhudza. Pakutha pa dzinja ziwiri kapena zitatu, sukulu ya ku Matope idzakhala ndi buku la njoka za kwawo lolembedwa m'Chichewa ndi eni dera. Akuluakulu a zaumoyo ndi a maphunziro m'boma la Neno nawonso ali ndi gawo lawo. Pachipupa cha chipatala cha Matope, pasukulu iliyonse ndi pachigayo payenera kukhomedwa chikwangwani cha zithunzi. Pamwamba pakhale mphiri, mamba, mbobo, nalikukuti ndi kanjoka kakuda kobaya cham'mbali kaja, ndi mawu ofotokoza choyenera kuchita munthu akalumidwa. Pansi pake pakhale njokandala, yojambulidwa kuchokera pamwamba kuti mzere woyera uoneke bwino, ndi liwu limodzi la zilembo zikuluzikulu lakuti ISIYENI. Mvula yoyamba imagwa cha mu Novembala; chikwangwanicho chikhomedwe mu Okutobala.